Nthiti Zisanu za m'Chilenje

M'Chilenje monse, nyumba yathu yokha
ndiyo ili ndi maredieta,
zitsulo zisanu zonga nthiti za ng'ombe
zimene atate, a Lingililani Sakala, anatola
chaka chomwe ankagumula hotela yakale m'tauni.
Anazikankha pa wilibala, maulendo atatu.
Anansi a mbaula anaseka, anaseka,
mpaka Juni anafika.

Uno ndi Juni wachiwiri chimwalirireni iwo.
Magetsi abwera naini koloko usiku,
boyila yatsokomola, yayaka,
koma nthiti zonse zili zii
ngati mphuno ya galu.

Ndayambira pa geji.
Singano yagona pansi ngati yamva njala.
Ndatsegula kampopi, madzi alowa,
singano yadzuka mpaka pa kadontho kofiira
kamene atate anaika ndi utoto wa zikhadabo wa amayi.
Ndatsamiritsa khutu pa pampu. Chete.
Iwo ankaigogoda ndi chigwiriro cha sipanala,
kawiri, mwaulemu, monga khomo la apongozi.
Ndagogoda. Yanjenjemera, yayamba kung'ung'udza.

Chikhatho sichinama, ankatero.
Kukazizira pamwamba, pansi pali pofunda, ndi mpweya umenewo.
Kukazizira pansi, ndi matope a dzimbiri,
konzeka kukasiya malipiro ako ku Kamwala.
Ndasisita nthiti imodzimodzi.
Mwayi wanga, ndi mpweya chabe.

Kiyi ndamupeza m'chitini cha polishi,
pamodzi ndi misomali yopindika
ndi tikiti ya basi ya ku Katete.
Ndapotokola pang'ono.
Psiii.
Mpweya uwu unatsekeredwa liti?
Mwina iwo ali pompano, atagwada pamene ndagwadapa,
akutukwana bondo lawo lamanzere.
Ndayandikiza mphuno ngati chitsiru,
kudikira fungo la fodya wawo.
Chitsulo basi, ndi madzi okalamba.
Kenaka kadontho kakuda ngati tiyi wa pamaliro
kagwera m'kapu. Ndatseka.

La pabalaza lafunda.
La m'kanjira lafunda, langa lafunda.
Tisauke wayanika kale masokosi a mwana pa lake,
sanandithokoze n'komwe.

La kuchipinda kwa amayi lokha lakana.
Ndapotokola kiyi, patuluka madzi okhaokha.
Ndatsata paipi ndi zala kuchokera kukhoma:
ikuwotcha, ikuwotcha, kufika pa valavu, basi.
Valavuyo yatsekedwa mpaka mapeto,
yamangidwanso ndi nsanza ya chitenje
chimene ndikuchidziwa.

Amayi ali m'mabulangete atatu,
kumutu chipewa cha ubweya cha atate.
Ndimayesa agona.

"Lisiye," atero, osatembenuka.
"Ndinatseka ndine.
Likafunda limagogoda, go, go-go,
cha m'ma thuu koloko,
mmene ankagogodera atate ako
paipi ikawachedwetsa ku Kabulonga.
Chaka chatha ndinatsegula chitseko kasanu ndi kawiri.
Ndinkapeza mphepo ndi galu wa a Mwandila."

Pa zonse zimene anandiphunzitsa,
pampu, mpweya, dzimbiri,
vuto ili sanalitchulepo.

Ndabweza kiyi m'chitini.
Ndawiritsa madzi, ndathira m'botolo la mafuta ophikira,
ndalikulunga m'juzi, ndaliika kumapazi kwawo.
Zidendene zawo n'zozizira kuposa chitsulo.
Sanandiletse.

Magetsi athima isanakwane folo.
Pampu yaleka nyimbo yake pakati.
Ndili maso mumdima, ndikumva nthiti zinayi zija
zikubweza kutentha kumene zinabwereka,
ndipo zikamazirala nazonso zimalankhula,
ichi ndinaiwala:
go,
ya pabalaza,
go-go.

Kenaka bedi lalira kuchipinda kwina.
Mapatapata akukhwekhwereza m'kanjira,
adutsa pakhomo panga, sanaime.
Ndamva loko akutembenuka,
ndipo Juni yense walowa m'nyumba.